Nambala Yapakati

Ku ofesi ankamutchula kuti Mwachidule. Dzinali anachita kudziputira yekha, chifukwa pamsonkhano uliwonse, munthu akayamba kuzungulirazungulira, iye ankaika cholembera patebulo n'kufunsa kuti, "Mwachidule, mukufuna chiyani?" Poyamba anzake ankalitchula kumbali, koma ataona kuti mwini wake sakupsa nalo mtima, linakhazikika mpaka wina analilemba pakapu yake ya tiyi.

Kampani yawo inali yaing'ono, anthu asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, moti tsiku lonse ankapuma fungo la labala n'kumamva makina opopera mpweya akufwenthera pansi. Anali ndi webusaiti yophunzitsa anthu kulemba mapulogalamu a kompyuta. Wophunzira akatha kuwerenga phunziro ankapatsidwa funso loti ayeserere. Kumanzere kwa sikirini kunkakhala malangizo, kumanja malo olembamo pulogalamu yake, ndipo pansi panali batani lobiriwira. Akadina batanilo, makina ankayesa pulogalamuyo. Ikakhoza, funso lotsatira linkatseguka. Ikapanda kukhoza, pankabwera mawu ofiira akuti, "Sizinatheke. Yesaninso."

Mafunso onse makumi asanu ndi limodzi analemba ndi Mwachidule zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo ankawanyadira. Panalibe funso lopitirira mizere itatu. Iye ankadana ndi malangizo otalika ngati kalata ya maliro, oti munthu pofika kumapeto waiwala kale zoyambirira.

Lolemba lina m'mawa abwana, mayi wamtali wamagalasi amene anayambitsa kampaniyo, anaitana onse n'kuwaonetsa pa sikirini yaikulu mzere wosonyeza kuchuluka kwa ophunzira ofika pa funso lililonse. Mzerewo unkatsika pang'onopang'ono kuchokera pa funso loyamba, koma pa funso 14 unangogwa ngati munthu wapunthwa pakhomo.

"Pa anthu khumi ofika apa," anatero abwana, "asanu ndi mmodzi sabweranso. Sachita kutsanzika, amangosowa."

Pambali pawo panakhala Pepani, bambo wadazi woyankha madandaulo a ophunzira. Nayenso dzina analipeza pantchito, poti uthenga wake uliwonse unkayamba ndi mawu amenewo. Anatsegula foni yake n'kuyamba kuwerenga.

"Uyu akuti, 'Pulogalamu yanga ikugwira bwinobwino, makina anu ndiwo akukana.' Uyu akuti, 'Kodi kwenikweni mumafuna chiyani?' Wachitatuyu walemba mawu oti sindingawatchule pamaso pa abwana."

Ena anaseka. Mwachidule sanaseke.

"Mwachidule, anthu sawerenga," iye anatero. "Funsoli ndi la mizere iwiri, ndipo lili ndi chitsanzo. Mukufuna ndikawagwire dzanja?"

"Mwina sawerengadi," abwana anayankha modekha, akupukuta magalasi. "Koma anthu osawerengawo anakhoza mafunso khumi ndi atatu. Anaiwala kuwerenga atafika pa 14 pokha? Taliyang'anenso. Lolemba likubwerali tidzamve."

Analiyang'ana Lolemba lomwelo, analiyang'ana Lachiwiri. Funsolo linkati: "Mwapatsidwa mndandanda wa manambala. Lembani pulogalamu yopeza nambala yapakati. Chitsanzo: 4, 5, 6, yankho ndi 5." Analiwerenga cham'mtima, analiwerenga mokweza, koma sanaone pamene munthu angasokerere. Lachitatu, mtima utamuwawa, anawonjezera mzere pamwamba pake m'zilembo zikuluzikulu: "WERENGANI MOSAMALA." Pepani podutsa ndi kapu yake anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Achemwali, apa ndiye mwandiwonjezera ntchito. Tsopano adzayamba kutukwana m'zilembo zikuluzikulu."

Kunyumba kwa Mwachidule, m'chipinda chaching'ono chimene kale ankasungiramo masutikesi, munkagona alamu ake, akulu ake a mwamuna wake. Anali munthu wamagetsi, ndipo ntchitoyo anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Miyezi inayi m'mbuyomo anagwa pamakwerero akukonza getsi pasukulu ina yophunzitsa kusoka, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Nyumba yawo inali kutali ndi chipatala chimene ankapitako kawiri pamlungu kukawongola mwendo, choncho mng'ono wawo anawatenga kuti azikhala nawo kufikira atapeza bwino. Akazi awo ankabwera Lamlungu lililonse ndi zovala zochapa.

Asanavulale, alamuwo anali munthu wosatha kukhala chete. Akabwera kudzacheza ankalowa akuseka, n'kuyamba kuputa Mwachidule asanakhale n'komwe pansi. "Alamu a mabatani! Lero mwakanda mabatani angati? Zala sizinatupe?" Iye ankawabwezera kuti, "Inu ndiye mwazimitsira anthu angati magetsi?" Koma chibwerere kuchipatala nthabwala zinatha. Dokotala anawauza mosabisa kuti kuyenda adzayenda, koma za makwerero aiwale. Ankangokhala pawindo, ndodo zawo zoyendera zitatsamira khoma, akuyang'ana mawaya a mumsewu.

Pofuna kuti asamangoti ndwii tsiku lonse, Mwachidule anawapatsa laputopu yake yakale n'kuwatsegulira maphunziro aja. Sankayembekezera zambiri. Koma alamuwo anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Anapempha kope lachikuto cholimba, ndipo pulogalamu iliyonse ankayamba aijambula m'menemo ngati mawaya a nyumba, apa polowera, apa swichi, apa potulukira. Pakudya ankanena monyada kuti, "Lero ndagwetsa funso 9." Kwa milungu ingapo m'nyumbamo munamvekanso mawu awo. Kenako anasiya kutchula, ndipo Mwachidule, potanganidwa ndi zake, sanafunse.

Lachinayi madzulo, atabwera kuntchito, analowa m'chipinda cha alamuwo kukatenga tawulo. Pansi pa matawulo opinda, pampando, panali laputopu ija, chingwe chake atachikulunga bwinobwino n'kuchimanga ndi kalabala, monga amachitira munthu amene wathana nacho chinthu.

"Alamu, sukulu munatsekera?" anafunsa mwansangala.

"Aaa, zimenezo n'za ana," anayankha alamuwo osachotsa maso pawindo. "Mutu wangawu unauma kalekale. Unazolowera pulayala."

"Munafika pati?"

Alamuwo anasisita bondo.

"Pa 14."

Mwachidule anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, tawulo lili m'manja.

"Munayesa kangati?"

Alamuwo anatambasula dzanja n'kutenga kope lija pawindo. Patsamba lina panali timizere tating'ono tondondozana, tomangidwa tisanutisanu.

"Makumi atatu ndi kamodzi. Ndinkalemba kuti ndione ngati ndikusuntha. Sindimasuntha. Makinawo amangoti sizinatheke, sizinatheke, ngati mkazi wokana chibwenzi osanena chifukwa."

"Nanga osandifunsa bwanji? Timadya patebulo limodzi!"

"Ndikufunseni chiyani? Mafunsowo munalemba ndinu, anthu ophunzira. Ine ndinangoona kuti pamenepa m'pamene pathera nzeru zanga. Ndinati ndisakuchititseni manyazi, kuti mlamu wa mphunzitsi wakanika funso la mizere iwiri."

Mwachidule anafuna kuwauza kuti sali okha, koma anakumbukira zimene iye mwini ananena pamsonkhano za anthu osawerenga. Munthu uyu anawerenga kokwana makumi atatu ndi kamodzi.

"Loweruka m'mawa," anatero potsiriza, "mudzayesenso kamodzi ine ndili pambali. Sindidzayankhula. Ndikufuna ndidzangoona mmene mumawerengera."

"Inu osayankhula?" Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri pakamwa pa alamuwo panaoneka kamseko. "Zimenezo ndiye ndifuna ndidzazione."

Loweruka, atamwa tiyi, anasuntha mbale n'kuika laputopu patebulo la pabalaza. Mwamuna wa Mwachidule, amene ankayendetsa basi yonyamula ogwira ntchito pafakitale ina, anali panja akutsuka nsapato zake. Alamuwo anavala magalasi awo owerengera, omangidwa ndi waya wopyapyala mbali imodzi, n'kuwerenga funsolo mokweza, chala chikutsata mawu pa sikirini.

"Nambala yapakati. Chabwino. 4, 5, 6, yapakati ndi 5. Palibe vuto." Anatsegula kope. "Ndiye ine ndinati, choyamba manambalawo tiwaimike pamzere, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, chifukwa akhoza kubwera osokonekera. Akaima pamzere, tiwerenge kuchokera uku ndi uku mpaka tikumane. Imene takumanapoyo ndiyo yapakati."

Mwachidule anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anakhalira manja ake.

"Kenako ndinaganiza kuti mwina makinawo akundipatsa manambala anayi, poti pamenepo pakati pamakhala awiri. Ndiye ndinawonjezera apa, kuti akakhala awiri titenge theka la onse pamodzi. Anakanabe. Ndinasintha kuti titenge wakumanzere yekha. Anakana. Wakumanja. Anakana."

Anaonetsa pulogalamu yawo. Inali yaukhondo ngati mawaya a m'bokosi lomangidwa ndi katswiri, mzere uliwonse pamalo pake, dzina lililonse lomveka. Panalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Inkangoyankha funso lina, osati limene makina ankayembekezera. Anadina batani lobiriwira, ndipo mawu ofiira aja anabwera.

"Ndi zimenezotu," anatero alamuwo, n'kutenga pensulo kuti alembe kamzere ka 32.

Apa Mwachidule analephera kupirira.

"Koma alamu, si zimenezo! Yapakati ndi avareji! Muphatikize onse, mugawe ndi kuchuluka kwake. Basi! Mizere itatu!"

Alamuwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Avareji? Palembedwa pati?"

"Chitsanzocho chikusonyeza! 4 ndi 5 ndi 6 ndi 15, kugawa patatu ndi 5."

"Ndipo 5 yemweyo waima pakati pa 4 ndi 6. Ine ndinaona zimenezo."

"Aaa, koma aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya masamu amadziwa kuti tikati yapakati..."

Sanamalize. Mawuwo anali atatuluka kale. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti alamuwo anasiyira sekondale panjira bambo awo atamwalira, n'kukayamba kunyamula mawaya kuti mng'ono wawo, mwamuna wake yemweyo, apitirize sukulu. Nkhope ya alamuwo sinasinthe kwambiri. Anangovula magalasi, kuwapinda, n'kutseka laputopu pang'onopang'ono osamveka phokoso.

"Mwanena zoona, alamu," anatero. Anatenga ndodo zawo n'kunyamuka, ndipo kugunda kwa ndodozo pasimenti kunamveka mpaka anatseka chitseko.

Mwachidule anakhala patebulopo kwakanthawi, makutu akutentha. Manyazi analipo, koma ukali nawo unali usanathe, ndipo mumtima ankadziuzabe kuti mawu ake anali oipa koma mfundo yake inali yoona. Anatuluka panja.

"Bambo," anaitana mwamuna wake, "tandiyankhani msanga musanaganize. 2, 3, 10. Yapakati ndi iti?"

"3," anayankha mwamunayo osadzutsa mutu pansapato. "Bwanji, pali mphoto?"

Mwachidule anabwerera m'nyumba. Anatenga chikwama ngati akukagula buledi n'kulowa mumsewu. Pagolosale ya pakona anafunsa mayi wogulitsa, amene tsiku lonse amakhalira manambala. Mayiyo anati 3. Pafamase, pogulitsira mankhwala, anafunsa mkazi wovala chovala choyera amene anaphunzira naye kukoleji. Iyeyo anaganiza pang'ono n'kufunsa kuti, "Ukunena yoima pakati kapena avareji?" Wometa tsitsi, lumo lili m'manja, anati 3, ndipo amene ankametedwayo anavomereza ali chiweramire. Pa anthu asanu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati 5. Anabwerera kunyumba akuyenda pang'onopang'ono, ndipo anazindikira ali pageti kuti buledi sanagule.

Anawapeza alamu ake kukhitchini, atakhala pampando wamatabwa, mwendo wovulala atauwongola. Anali atamasula pulagi ya ketulo imene inkathetheka kwa mlungu wathunthu, tizomangira tating'ono atatiika m'sosala kuti tisatayike.

"Alamu," anatero ataima pakhomo, "ndakulakwirani. Pakamwa panga panathamanga. Ndiponso funso lija n'lolakwika. Ndafunsa msewu wonse, aliyense wayankha ngati inu. Mwakhala milungu itatu mukudziyesa wouma mutu chifukwa cha mawu amodzi amene ine ndinalemba mothamanga."

Alamuwo anapitiriza kusenda waya ndi kampeni. Anapota timawaya tamkuwa ndi zala, kutilowetsa, n'kumanga.

"Khalani pansi," anatero. "Ndikuuzeni kanthu, koma mng'ono wanga asamve. Iye amadziwa kuti makwerero anaterereka."

Mwachidule anakoka mpando.

"Sukulu yosokera ija, mawaya ake ndinaika ndine zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Bokosi la maswichi ndinalemba ndi dzanja langali. Swichi ina ndinalembapo kuti 'khonde'. Makonde analipo awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, koma ine ndinkadziwa limene ndikunena. Lakumbuyo ndinalilumikiza ndi chipinda chosungira nsalu. Zonsezo zinali m'mutu mwangamu, ndiye ndinaona ngati kulemba zambiri n'kutaya inki." Anatenga kachomangira kena m'sosala. "Tsiku lija anandiitana kuti getsi la khonde lakumbuyo lafa. Ndinafika, ndinatsegula bokosi, ndinaona 'khonde' m'zilembo zanga zomwe. Ndinazimitsa. Tesita yoyesera ngati waya uli ndi moto inali m'thumba, koma ndinati ndidziyesenso ndekha? Ndinakwera. Nditangogwira waya, unandikankha. Magetsiwo sanandipweteke kwenikweni, chinandithyola ndi simenti."

"Iii, alamu..."

"Wolemba ndi wowerenga anali munthu mmodzi, koma sitinamvane. Ndiye inu musadzione ngati chigawenga. Mmene munkalemba muja, mumadziwa zimene mukunena. Vuto ndi lakuti amene akuwerenga simuli naye m'chipinda." Anatseka pulagiyo n'kumupatsa. "Tayesani iyi. Tiyi wa mawa asachedwe."

Ketulo inayamba kulira bwinobwino. Mwachidule anaima pomwepo akuiyang'ana, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja ngati ndi nthunzi.

Masana anabwereranso patebulo lija. Alamuwo analemba pulogalamu ya avareji, ndipo sinawatengere mphindi khumi. Anadina batani monyadira. Mawu ofiira anabweranso.

"Nanga tsopano?" anafunsa, dzanja lili m'malere.

Mwachidule anatsegula kompyuta yake kuti aone mmene makina amayesera funsolo, zimene iye anazikonza kalekale n'kuziiwala. Anagwira pakamwa.

"Mayeso omaliza amapereka mndandanda wopanda nambala. Pulogalamu ikagawa ndi ziro imafa. Makinawo amafuna kuti zikatero yankho likhale ziro."

"Munanena?"

"Sindinanene."

Alamuwo anaseka mpaka kugwira chiuno chovulalacho. "Ndiye khomo munatseka ndi maloko awiri, kiyi n'kuika m'thumba mwanu! Nanga ena amene amadutsawo, amadutsa bwanji? Ndi afiti?"

"Amakopera mayankho kwa anzawo," anavomera Mwachidule, nayenso akuseka.

Anayamba kulilembanso funsolo, iye akutaipa, alamu akuwerenga mokweza ndi kuima paliponse pamene mawu awakhumudwitsa. Sanagwirizane msanga. Mwachidule sankafuna kufotokoza kuti avareji imapezeka bwanji.

"Ndikawauza kuphatikiza ndi kugawa ndiye kuti ndawapatsa yankho."

"Kodi mukuphunzitsa masamu kapena kulemba pulogalamu?" anafunsa alamuwo. "Munthu akandiuza kuti akufuna masoketi atatu kukhitchini sanandigwirire ntchito. Wangondiuza chimene akufuna. Mawaya ndikokabe ndine."

Iye anagonja pamenepo. Koma alamuwo atafuna kuwonjezera ndime yonse yolimbikitsa wophunzira kuti asataye mtima, anakana kwamtuwagalu. "Imeneyo ndiye ayi. Afika pafunso ali wotopa kale." Chitsanzo cha 4, 5, 6 anachichotsa, poti chinkavomereza matanthauzo onse awiri, n'kuikapo china chimene munthu wosokera angadzionere yekha kuti wasokera. Pomaliza funsolo linkati:

"Mwapatsidwa mndandanda wa manambala. Lembani pulogalamu yopeza avareji yake, kutanthauza kuphatikiza manambala onse n'kugawa ndi kuchuluka kwake. Chitsanzo: 2, 3, 10, yankho ndi 5. Mndandanda ukakhala wopanda nambala, yankho likhale 0."

Mzere wa zilembo zikuluzikulu uja anaufufuta mwakachetechete alamu asanauone bwino.

"Chatsala ndi mawu ofiirawa," anatero alamuwo akugogoda sikirini ndi chikhadabo. "Ngakhale tesita yotchipa imayaka kukuonetsa waya umene uli ndi moto. Makina anuwa amadziwa pamene ndalakwa, koma amangonditsinzinira. Andiuze kuti anandipatsa chiyani, amafuna chiyani, ine ndawapatsa chiyani. Zotsalazo ndifufuza ndekha."

Mwachidule analemba zimenezo papepala monga momwe anazinenera.

Lolemba pamsonkhano anaimirira yekha asanaitanidwe. Anaonetsa funso lakale, kenako anafunsa onse kuti pa 2, 3, 10 yapakati ndi iti. Anayi anati 3, awiri anati 5, ndipo anayamba kukangana okhaokha mpaka abwana anagogoda tebulo.

"Wolakwa ndine," anatero Mwachidule. "Zaka zinayi anthu akhala akulemba mapulogalamu abwino, ife n'kumawauza kuti sizinatheke."

"Munazipeza bwanji?" anafunsa abwana.

"Ndinakhala pambali pa wophunzira wina n'kukhala chete mphindi makumi awiri."

"Inu?" anatero Pepani. "Mboni ilipo?"

"Mwina khumi ndi zisanu," anavomera, ndipo chipinda chonse chinaseka.

Mnzawo wosamalira makina oyesa mayankho anati kusintha mawu ofiira aja ndi ntchito ya masiku awiri, ndipo anadabwa kuti palibe amene anamupemphapo kale. Pofika Lachitatu, wophunzira akalakwa ankawerenga kuti, "Tinapatsa pulogalamu yanu 2, 3, 10. Timayembekezera 5, koma yatipatsa 3." Mwachidule anapemphanso mayina a onse amene anasiyira pa funso 14, ndipo anali ambiri kuposa mmene ankaganizira, masamba ndi masamba. Anawalembera yekha uthenga woyamba ndi mawu akuti "Pepani", wowauza kuti funsolo linali losamveka ndipo lakonzedwa. Pepani atauona anadandaula kuti amulanda mawu ake oyamba.

Ena anabwerera. Mayi wina anayankha kuti analira atawerenga uthengawo, chifukwa mwamuna wake anali atamuuza kale kuti zamakompyuta si za iye. Ambiri sanayankhe n'komwe, ndipo zimenezi zinamupweteka Mwachidule kwa nthawi yaitali. Ankati akayang'ana mndandandawo, ankaganiza za malaputopu angati amene ali pansi pa matawulo m'nyumba za anthu.

Patatha mwezi, osiyira pa funso 14 anatsika kuchoka pa asanu ndi mmodzi kufika pa awiri. Abwana anakonza zoti Lachinayi lililonse azibwera ophunzira awiri kapena atatu ku ofesi, aziwerenga mafunso mokweza, Mwachidule ali pambali ndi kope. Ankaika chotsekera cholembera pakamwa kuti chimukumbutse kusayankhula. Mwa njira imeneyi anapeza mafunso ena khumi ndi limodzi okhala ndi misampha yofanana. Ambiri anatalika ndi mzere umodzi kapena iwiri. Awiri anafupika, ndipo amenewo anawaonetsa kwa aliyense mu ofesimo.

Alamu ake anapitiriza. Tsopano ankayenda ndi ndodo imodzi, ndipo nthabwala zinabwerera, mwina mopitirira muyeso, poti funso lililonse ankaliwerenga ngati wapolisi wofufuza mlandu n'kumamudikirira pakhomo madzulo ndi kope lotsegula. Kenako anafika pa funso 22, la kupeza mawu obwerezedwa m'chiganizo, ndipo anamatirira. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Timizere tinayambanso kuchuluka patsamba. Tsiku lotsatira Mwachidule anawapeza atagwira mutu ndi manja onse awiri, tiyi atazizira pambali.

Anawayandikira. Anakoka mpando msangamsanga.

"Ndi mawu ati akusokoneza? Tandionetsani, ndikakonza mawa."

"Palibe," anayankha alamuwo.

"Mwina chitsanzo sichikumveka? Ndikhoza kuwonjezera china, kapena ndiligawe pawiri, kapena..."

"Alamu, lisiyeni. Ndikumva bwinobwino chimene akufuna. Makina akundionetsa pamene ndikuphonya. Kungoti sindinadziwebe kachitidwe kake." Anamuyang'ana, maso ofiira ndi kutopa koma osagwa nkhope. "Lija linali lanu. Ili ndi langa. Mukalifewetsa mundibera."

Mwachidule ananyamuka, natenga kapu ija kukawatenthetsera tiyi wina. Yankho ankalidziwa, linali pa nsonga ya lilime, mizere isanu yokha. Anaima kukhitchini mpaka madzi anawira, kenako anabweretsa tiyiyo, kuika pambali pa laputopu, n'kupita kukaanula zovala.

Alamuwo analigonjetsa funsolo atalimbana nalo masiku asanu, Lamlungu masana, akazi awo ali pomwepo akupinda malaya pabedi. Anakuwa mwamphamvu moti mng'ono wawo anathamanga kuchokera panja akuganiza kuti agwanso. Anawapeza atakweza ndodo m'mwamba, akuloza sikirini pamene funso 23 linali litatseguka. Akazi awo, amene sankadziwa chilichonse cha mapulogalamu, anayang'ana sikiriniyo, anayang'ana amuna awo, n'kuika malayawo pansi.

"Ndiye mwati mwapambana chiyani?" anafunsa.

"Khala apa ndikufotokozere," anatero alamuwo, akusuntha kuti awapatse malo, n'kutsegula kope patsamba la chithunzi cha mawaya.

Alamuwo anakhala kunyumbako milungu ina itatu, mpaka dokotala anawalola kubwerera kwawo. Laputopu anapita nayo.